Kapu ya Apongozi Sinama: Malangizo kwa Oyeza Shuga Opanda Sikelo

Mwana wa mchemwali wanga, amene masiku ano akuphunzira kuphika makeke kudzera pa foni, anandipeza Loweruka ndili khale pansi pa mtengo wa mango, maso ali kunyanja kumene mabwato ankachokera ku usipa. Anagwada bwinobwino, poti tinamulera ndife, n'kundionetsa foniyo.

"Amalume, apa akuti shuga magalamu 350. Ndiye kuti makapu angati?"

Ine keke sindinaphikepo chibadwire. Koma ndadya makeke a pa zinkhoswe ndi maukwati kuyambira ku Benga mpaka ku Dwambazi, ndipo m'dziko muno munthu amene wadya chinthu kwa nthawi yaitali amasanduka katswiri wake. Choncho ndinakhosomola kawiri, n'kumuuza kuti akhale pa mkeka. Zimene ndinamuuzazo ndazilemba pano kuti nanunso mupindule, kwaulere, chifukwa malangizo ndi katundu yekhayo amene sanakwere mtengo kwacha itagwa mu Novembala 2023.

Dziwani kaye kuti shuga amabadwira pa sikelo. Ku Dwangwa, kumene fakitale yakhala ikugaya nzimbe kuyambira mu 1979, galimoto ya nzimbe simalowa mwachisawawa. Imakwera kaye pa sikelo, alembe. Ikakhuthula ikwerenso, achotsere. Shuga akatuluka amamuyezanso asanamutsekere m'paketi, ndipo pa paketipo amalembapo poyera kuti kilogalamu imodzi. Ulendo wonse wa mu msewu wa M5, kudutsa mtsinje wa Bua mpaka kufika pa Boma, shuga ameneyu amadziwa kulemera kwake. Koma akangofika pakhomo pa khitchini yathu, magalamu onse amawavula n'kuwasiya panja ngati nsapato za pa mzikiti. M'katimu mumalamulira kapu, supuni, ndi dzanja la mwini nyumba.

Wina anganene kuti, nanga bwanji osangoyeza pa sikelo? Funso la munthu wa m'tauni limenelo. Mu 2016 ndi 2017 boma lathu lino la Nkhotakota linalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, koma kasikelo ka m'khitchini palibe anatitumizira. Kuno mayi akati akupita ku sikelo ndiye kuti wabereka mwana kumbuyo ndipo kabuku kachipatala kali m'manja. Ngati muli olimba mtima, kulungani shuga wanuyo m'chitenje, mukhale nawo pa mzere Lachiwiri m'mawa, muyimbe nawo nyimbo za kulera, ndipo nthawi yanu ikakwana mumupachike. Vuto lake n'lakuti adzakuuzani kuti mwanayu ndi wonyentchera, muzimupatsa phala la Likuni.

Sikelo ina ndi ya mavenda ogula mpunga. Imeneyo musayiyandikire ndi zinthu za keke. Ndi sikelo yokhala ndi mtima wake: ikamagula, katundu amapepuka, ikamagulitsa, katundu yemweyo amanenepa. A bungwe la Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo a malonda n'kuwadinda chidindo, koma iwowo ndi ochepa ndipo mavenda ndi ambiri ngati nkhungu za pa nyanja.

Tsono poti sikelo palibe, tiyeni tichite masamu. Ndikupemphani mukhazikike, sindibwereza.

Shuga wa m'paketi, wa timchenga uja, akadzaza malo a mililita imodzi amalemera pafupifupi magalamu 0.85. Kapu imene amalemba m'mabuku ophikira a ku America ndi ya mamililita 237, ndipo shuga wodzaza bwino m'menemo ndi magalamu pafupifupi 200. Ndiye kuti paketi ya kilogalamu imodzi ndi makapu asanu otero, kapena lita imodzi ndi kanthu pamwamba, mamililita ngati 1,180. Supuni yaing'ono ya tiyi, ya mamililita 5, imanyamula magalamu 4. Yaikulu, ya mamililita 15, imanyamula magalamu 12 ndi theka. Amene masamu sanawathawe ku pulayimale atenge magalamu akewo achulukitse ndi 1.2, apeza mamililita oyandikira kwambiri. Choncho magalamu 350 a mwana uja ndi mamililita pakati pa 410 ndi 420, kapena kuti makapu awiri, yachiwiriyo yoperewera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Apa mwanayo anadzuka kuti azipita. Ndinamubweza. Safunsa anadya phula. Ndinati, kapu yake iti?

Pajatu ngakhale azungu amene anatibweretsera chipwirikiti chimenechi sanagwirizane. Kapu ya ku Australia ndi ya ku South Africa ndi ya mamililita 250, shuga wake magalamu ngati 210. Ya m'mabuku akale a ku Britain ndi ya mamililita 284. Ya ku Japan ndi 200 okha. Supuni yaikulu imene ena onse amati ndi 15, a ku Australia anaikuza kufika 20, osauza munthu. Ngati mayiko okhala ndi mayunivesite ndi masitima a pansi pa nthaka alephera kumvana pa kapu imodzi, musadzimvere chisoni inu a kwa Malengachanzi.

Komanso ife makapu tili nawo ochuluka kuposa iwowo. M'nyumba ya azakhali anga muli kapu ya bambo, yachitsulo, yaikulu ngati chibekete, imene mwana akaigwira amafunsidwa ngati wayamba kulipira lendi. Muli makapu a alendo, adothi, amaluwamaluwa, amene amakhala m'kabati ngati akaidi ndipo amatuluka pa Khirisimasi ndi pa Eid ya aneba. Muli ya pulasitiki yothyoka chogwirira imene kale inali yomwera tiyi, kenako inatsitsidwa udindo kukhala yotungira madzi mu ndowa, ndipo pano ikudikira kupuma pa ntchito ku bafa. Muli ina yolembedwa dzina la bungwe limene linabwera kudzatiphunzitsa za chitukuko, bungwelo linapita, chitukuko chinapita nalo, kapu inatsala. Onsewa ndi makapu. Kaphikidwe ka m'foni kakati kapu imodzi, aliyense wa iwo ali ndi ufulu wodzuka n'kunena kuti ndine.

Langizo langa pa nkhani yosankha kapu n'losavuta: onani kaye amene wagula shugayo. Ngati mwagula nokha, ndi ndalama ya ngongole ya ku banki m'khonde, kapu yoyenera ndi kakang'ono ka alendo kaja, ndipo musadzaze mpaka m'milomo chifukwa madokotala amaletsa. Ngati shuga wagulidwa ndi komiti ya ukwati, belo lathunthu la mapaketi 20, sayansi imalola kugwiritsa ntchito kapu ya bambo, younjika kaphiri, ndipo paketi imodzi kapena awiri azilowera m'chikwama kuti mukawayeze bwino kunyumba komwe kuli kuwala kokwanira. Ngati shuga ndi wobwereka kwa aneba, pali lamulo lakale limene agogo athu anatisiyira: pobwereka tumani mwana ndi kapu yaikulu, pobweza mupite nokha ndi yaing'ono, mukucheza nkhani zambiri kuti maso a mwini wake akhale pakamwa panu.

Koma poti mwanayo ndi wa magazi anga, ndinamuuzanso njira yoona yodziwira kapu yako. Tenga paketi yosatsegula ya kilogalamu imodzi, beseni louma, ndi kapu imene wasankha kukhala nayo moyo wako wonse. Dzaza, salaza pamwamba ndi msana wa mpeni, khuthulira m'beseni, uwerenge. Ikatha ndi makapu asanu, kapu yako ndi ya magalamu 200. Ikatha ndi anayi, ndi ya 250. Ikatha ndi awiri, imeneyo si kapu, ndi poto. Ukatero ilembe chizindikiro ndi utoto wa m'zala, uibise, ndipo aliyense woigwira umutengere kwa amfumu. Njira ina ndi ya botolo la madzi la mamililita 500 lija timataya m'mphepete mwa msewu: ukalidula kukhosi n'kuliumitsa, shuga wofika pomwe pankalekezera madzi ndi magalamu ngati 425. Botolo la galasi la Fanta, la mamililita 300, limanyamula ngati 255, kungoti kulowetsamo shuga ndi kum'tulutsamo kumafuna munthu wopanda ntchito ina tsiku limenelo.

Chenjerani ndi alamu anu amene anafika Fomu 4 ndipo amakumbukira chinthu chimodzi chokha cha sayansi, choti mililita imodzi ndi galamu imodzi. N'zoona, koma n'za madzi. Madzi a m'nyanjamu mamililita 250 ndi magalamu 250, palibe mlandu. Shuga sali choncho, ufa wa tirigu ndiye kutalitali: kapu imene yanyamula shuga magalamu 200 imanyamula ufa ngati 125 okha. Shuga wosalala ngati ufa uja amapakira pamwamba pa keke ndi ngati 120. Ndipo mukaona kaphikidwe ka ku America kakunena za shuga wa bulawuni, dziwani kuti wawo ndi wonyowa, womata, amachita kumutsendera m'kapu ndi chala mpaka afike magalamu ngati 220. Wathu wa bulawuni ndi wouma, wa timchenga, muyezeni ngati woyera. Alamuwo akaumirira, apatseni ntchito yokoleza mbaula.

Pali chinsinsi chimene ogulitsa shuga wa m'timapepala pa msika sangakonde kuti ndiulule. Kamchenga kamodzi ka shuga pakokha n'kolemera kuposa madzi, ndi chifukwa chake kamamira mu tiyi. Nanga bwanji kapu ya shuga imapepuka kuposa kapu ya madzi? N'chifukwa choti pakati pa timchengato pali mipata, ndipo m'mipatamo muli mpweya. Pafupifupi theka la kapu ya shuga ndi mpweya. Yesani nokha: sungunulani kapu ya shuga m'kapu ya madzi, simupeza makapu awiri, mupeza imodzi ndi theka ndi kanthu pang'ono. Choncho mukagula shuga wa pa kapu, dziwani kuti mwagulanso mwera, mphepo yomweyi imatiwomba ulere kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. N'chifukwa chake wogulitsa wochenjera amathira shuga m'kapu mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati akutsitsa mwana wogona, pamene wogula wochenjera amagogoda kapuyo pa benchi kuti shuga akhazikike. Mkangano umene mumauona pamenepo si wa khalidwe loipa. Ndi sayansi ikukambidwa mokweza mawu.

Tibwere ku supuni, chifukwa m'pamene mabanja ambiri amathera.

Mu 1896 mayi wina wa ku Boston, Fannie Farmer, anatulutsa buku la zophikaphika limene linaumiriza anthu kuti supuni iziyezedwa yosalaza, yopanda phiri. Mayi ameneyo sanafikeko ku Nkhotakota. Kuno supuni yosalaza ndi chipongwe. Ukathirira mlendo supuni yosalaza, nkhani imakafika kwawo iye asanakwere n'komwe kabaza. Supuni yathu imatuluka m'chitini itasenza phiri la Ntchisi, ikunjenjemera, dzanja lina lili pansi kuwakha zogwa. Supuni yotero imatha kunyamula pafupifupi kawiri ya ija ya magalamu 4.

Onani mmene paketi imafera. Kilogalamu imodzi muli masupuni osalaza 250. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense masupuni atatu pa tiyi wa m'mawa, ndi masupuni 18 pa tsiku, magalamu 72, ndipo paketi ikhala milungu iwiri. Banja lomwelo, masupuni omwewo atatu koma a phiri, paketi imatha pa mlungu umodzi. Bambo amene anachita masamu ake ndi supuni ya ku Boston amafika Lamlungu n'kumva kuti shuga watha, n'kuyamba kufunsa ngati m'nyumba muno mwatsegulidwa tiyirumu. Mayi amayankha kuti aliyense amathira atatu monga mwa lamulo. Onse akunena zoona. Ankhoswe amaitanidwa, amapatsidwa tiyi, amathira anayi.

Pamenepa mpofunika kudziwa muyezo wa munthu aliyense, chifukwa supuni imatsata ulemu. Mwana wa m'nyumba amathiriridwa ndi mayi ake, awiri, ndipo akadandaula amauzidwa kuti atakase bwino, shuga ali pansi. Mlamu amene anabwera kudzagona usiku umodzi mwezi wa Malichi ndipo mpaka lero akudikira Ilala, ameneyo m'patseni tiyi wothira kale kukhitchini. Abusa kapena a shehe, chitini chonse chiikidwe patebulo, inu muyang'ane kumbali. Apongozi sayezeredwa. Apongozi amathira okha, akucheza, supuni ikupita ndi kubwera ngati bwato la pa Chia, ndipo inu ntchito yanu ndi kumwetulira uku mukuwerenga chamumtima. Akamaliza amalawa, n'kunena kuti shuga wa masiku ano satsekemera ngati wakale.

Musaiwale kuchotsera msonkho. Magalamu 350 amene mwayeza m'mawa si amene adzalowe m'keke masana. Pali msonkho wa nyerere, zimene zimadziwa za paketi yatsopano inu musanatsike minibasi. Pali msonkho wa ana, amene amabwira shuga mwakachetechete n'kutuluka m'khitchini milomo ikunyezimira, akukana kwamtuwagalu. Masiku ano ana ena ophunzira amayankha kuti amamwa vitamini A, poti kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiramo vitamini ameneyu, ndipo iwo akungoteteza maso awo. Pali msonkho wa wophika mwini, wolawa. Palinso chinyontho cha kunyanja kuno: nthawi ya dzinja shuga wosatsekedwa bwino amayamwa mnyontho n'kuumbika zibuma. Chibuma sichidziwa kapu. Chimakhala m'menemo mopingasa, mipata ili mbali zonse, inu n'kumati yadzaza. Chiphwanyeni kaye ndi supuni, kapena chipatseni mwana amene wakhoza mayeso.

Wina asakunyozeni kuti ndinu otsalira chifukwa mumayeza ndi kapu yothyoka. Kilogalamu imene amanyadirayo, kuyambira mu 1889 mpaka pa 20 Meyi 2019, inali kachitsulo kamodzi kosungidwa m'mabotolo a galasi ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Dziko lonse lapansi linkayezera pa kachitsulo kameneko, monga mmene mudzi wonse umabwerekera kapu ya mayi mmodzi wophika mandasi. Ndipo pamene ankakayerekeza ndi tinzake timene anagawira mayiko, anapeza kuti sitikugwirizananso ndendende. Ngakhale kapu ya azungu inkadyedwa ndi nyerere zake. Nanga a NASA? Mu 1999 chombo chawo cha Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika kale ku Mars, chifukwa gulu lina linkawerengera ndi miyezo ya mapaundi pamene linzake linkawerengera ya metiriki. Inu mukalakwitsa, choipa kwambiri n'chakuti chigumu chimatsekemera mopitirira, ndipo chimadyedwabe.

Pali malo amodzi okha pamene nthabwala ndimaziika pansi. Amene tinaona kolera ya mu 2022 ndi 2023 m'mphepete mwa nyanja muno tikudziwa kuti munthu wotsegula m'mimba amatha madzi m'thupi mofulumira. Thanzi ORS akasowa ndipo chipatala chili kutali, madzi a mchere ndi shuga opangira pakhomo muyezo wake ndi lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Pamenepo supuni ikhale yosalaza, ya mayi wa ku Boston uja, chifukwa shuga akachuluka amawonjezera kutsegulako, ndipo mchere ukachuluka ndi woopsa kwa mwana. Kasupuni kapena kachivindikiro ka mamililita 5 kobwera ndi mankhwala a ana a madzimadzi ndiye muyezo wokhulupirika m'nyumba monse. Wodwalayo azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala, ndipo apongozi asayandikire chitini.

A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, ananenanso mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu ngati 50 a shuga wothira pa tsiku, omwe ndi masupuni osalaza 12, ndipo akanakonda titatsikira pa 6. Uthengawu ndinaufikitsa kwa azakhali anga. Anandifunsa ngati 12 ameneyo ndi wa pa kapu iliyonse kapena wa m'phala la mpunga yekha.

Mwana uja anamvera zonse. Anagula paketi, anawerenga makapu m'beseni, anapeza kuti kapu ya maluwa ofiira ndi ya magalamu 200 ndendende, anaipaka utoto wa m'zala kunsi kwake. Anayeza makapu awiri, yachiwiri yoperewera, anasalaza ndi mpeni ngati mmisiri wa pulasitala. Keke anaiphika m'sefuliya, makala pansi makala pamwamba, ndipo inafufuma bwino moti aneba anabwera kudzabwereka moto umene anali nawo kale kwawo.

Madzulo anadula, chidutswa choyamba n'kupereka kwa agogo ake, amene aphika mkate wa mpunga ndi nthochi kwa zaka zoposa makumi asanu osagwirapo kapu yoyezera. Agogowo anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Kenako anaitanitsa chitini cha shuga ndi supuni, n'kuwaza pamwamba pa chidutswacho.

"Iwe, foni yakoyo," anatero, "kwawo kuli maliro kapena?"

Pofika m'mawa kapu ya maluwa ofiira inali itapita kwa aneba ndi mwana wotumidwa kudzabwereka mchere, ndipo mpaka pano sinabwere.